Za fila wa galimoto, msika wa fodya usanatsegulidwe

 Ndakhala chete kwa kanthawi ndithu, ntchito yochonga inandipanikiza. Lero nkhani za sukulu ndaziika pambali. Ndikufuna tikambirane za phala lija amisiri amamata pa galimoto yobwefuka asanaipente. Pa chitini opanga amalemba kuti body filler, koma m'magalaja a kuno aliyense amangoti fila, ndiye nane ndizingotero.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka, kuti mphunzitsi wa Chemistry wasowa cholemba. Sekani, koma ambiri a inu amene ndinkalimbana nanu pa nkhani ya homuweki muli ndi makiyi a galimoto m'thumba tsopano. M'sitafu rumu mwathu namo muli anzanga amene anagula magalimoto ndi ngongole ya ku banki kapena ya ku SACCO, ndipo akudulidwabe pa malipiro mwezi ndi mwezi. Munthu wotere akapezeka kuti chimene wagula ndi chitsulo pang'ono, phala lambiri, nkhaniyo siseketsanso.

Kuno ku Kasungu tili ndi nyengo imene buku la Geography silitchula. Msika wa fodya ukatsegulidwa, nthawi zambiri cha mu Epulo, mabelo n'kuyamba kugulidwa pa Chinkhoma ndi ku Kanengo, tauni yathu imasintha nkhope. Malata amatha m'mashopu, njinga zamoto zimagulidwa ngati mandasi, ndipo m'mbali mwa msewu wa M1 mumafola magalimoto ogulitsa: Probox, Sienta, Corolla, ngakhalenso Hilux yakale yoti izikanyamula feteleza. Onse amanyezimira. Chimene mlimi saona n'chakuti mu Febuluwale ndi Malichi, iye ali kalikiliki kusoka fodya ndi kumupachika m'chigafa, magalaja nawo amakhala ali kalikiliki. Galimoto yomwe inagubuduzika pa Khirisimasi imadzukanso nthawi imeneyo.

Aliyense wolima fodya amaudziwa mlandu wa nesting, kuja kobisa fodya woipa kapena zinyalala pakati pa belo n'kuyala masamba okongola pamwamba. Ogula akazitulukira amalikana belolo, ndipo a Tobacco Commission amapereka chilango. Tsono taganizani mlimi amene wasankha fodya wake moona mtima, tsamba ndi tsamba, maso kufiira ndi fumbi. Walandira ndalama zake, wapita kukagula galimoto, n'kugwera pa belo lachitsulo lomwe wina walichita nesting. Kumeneko kulibe wotsegula belo kuti aone pakati.

Musandimve molakwa. Fila si chinyengo. Mmisiri wabwino aliyense amamugwiritsa ntchito, chifukwa palibe nyundo imene ingabwezere chitsulo chopyapyala cha magalimoto a masiku ano mpaka kusalala ngati chochokera ku fakitale. Nyundo ndiyo imagwira ntchito yaikulu, fila n'kudzamalizitsa timakwinya totsala. Amisiri omanga ali ndi nzeru yomweyi: pulasitala amasalaza khoma lowongoka kale, koma khoma lopindika ukalithira pulasitala wochindikala kuti lioneke lowongoka, chaka sichitha asanagamuke.

M'chitini muja muli zinthu zitatu zikuluzikulu. Muli utomoni wopangidwa m'fakitale wotchedwa polyester resin, muli madzi a fungo lamphamvu otchedwa styrene amene amaufewetsa, ndipo muli ufa, makamaka wa mwala wofewa wotchedwa talc, woti phalalo likhale ndi thupi komanso lizipalika. Fungo lokoma mwachilendo lija limakupezani mukamadutsa pa galaja ndi la styrene. Pambali pa chitini pamakhala kachubu ka hadena, kawirikawiri wofiira, ndipo mankhwala ake ndi benzoyl peroxide. Ziwirizi zikakumana, styrene amayamba kulumikiza maunyolo a polyester wina ndi mnzake, mpaka phala lonse lisanduka chinthu chimodzi cholimba. Amene munkamvetsera phunziro la ma polymer, ndi zomwe zija. Fila sauma ngati matope padzuwa, kuti madzi achokemo. Amalimba chifukwa cha kusintha kochitika mkati mwake, ndipo posinthapo amatulutsa kutentha. Gwirani chibuma chotsala pa thabwa losakanizira mphindi zingapo zitapita, mudzamva chikufunda ngati dzira longoikiridwa kumene. Chaka ndi chaka ndimalemba mawu oti exothermic pa bolodi ana n'kumangondiyang'ana, chonsecho chitsanzo chake chili pa galaja imene amaidutsa popita kunyumba.

Kale kunalibe zimenezi. Amisiri a ku Ulaya ndi ku America ankasungunulira mtovu pamalo obwefukawo n'kuupala, ntchito yofuna dzanja lozolowera komanso yoononga thupi. Fila wa polyester anabwera m'zaka za m'ma 1950. Wotchuka kwambiri, wa dzina loti Bondo, anayamba ku America mu 1955, kampani ya 3M n'kudzagula dzinalo mu 2007, ndipo mpaka lero anthu a kumeneko fila aliyense amangomutcha Bondo, monga ife timatchulira mankhwala onse otsukira mano kuti Colgate. Ubwino wa fila unali woti savuta. Vuto lake linabwera ndi ubwino womwewo, pakuti mtovu sunkatheka popanda luso, pomwe fila ngakhale mwana wongofika kumene pa galaja atha kumata.

Ndikuuzeni tsopano mmene ndinazionera ndi maso. Chaka chatha ngolo inakhula Corolla yanga pa chitseko chakumbuyo, itaima pa msika wina wa kumudzi ine ndikugula mtedza. Ng'ombe zinadzidzimuka ndi hutala ya njinga yamoto, ngolo n'kupotoka, ngodya yake n'kulowa m'chitseko. Mwini ngolo anali bambo wachikulire, ndipo mmene ankanjenjemera ndinaona kuti kumulipiritsa kunali kumutengera chakudya cha ana. Tinagwirana chanza, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndinapita nayo kwa mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa zaka zoposa 10 zapitazo. M'kalasi sanali wa manambala apamwamba, ndipo MSCE yake sinamutsegulire chitseko cha yunivesite. Lero ali ndi galaja yakeyake, ya mpanda wa malata ndi mtengo wa mango pakati, ndi anyamata atatu ophunzira ntchito. Iye amanditchabe kuti Sala. Ine pamaso pa anyamata ake ndimati amisiri, ndipo sindimuuza kuti iwe, chifukwa pamalo pamenepo mphunzitsi ndi iyeyo.

Anasisita chitsekocho ndi chikhatho, osayang'ana n'komwe, maso ali kumwamba ngati sing'anga. Kenako anati, "Sala, mitengo ilipo iwiri, wa mawa ndi wa Lachisanu." Ndinafunsa kusiyana kwake. "Wa mawa ndimata. Wa Lachisanu ndiwongola." Tsikuli linali Lolemba, sukulu titatsekera, ndiye ndinasankha wa Lachisanu n'kupempha kuti ndizibwera kudzaonerera.

Masiku awiri oyamba chitini cha fila sanachikhudze n'komwe. Anachotsa chophimba chamkati cha chitseko kuti dzanja lilowe kuseri, n'kuyamba kugogoda ndi nyundo, mbali inayo atatsamiza chitsulo chosalala cholemera chokwana m'dzanja. Sankamenya pakati pa chibwefu monga ndinkayembekezera ine. Ankayambira m'mphepete, mozungulira, n'kumalowera mkati pang'onopang'ono. Anati chitsulo chimabwerera potsata njira yomwe chinapindikira, ndipo ukachimenya pakati chimangotamuka. Pomwe ngodya ya ngolo inabaya, chitsulo chinali chitatamuka kale, moti ukachikankha chinkalira ngati chivundikiro cha chitini. Pamenepo anatenthetsa ndi moto wa gasi kamalo kochepa ngati kandalama kachitsulo, kugogoda mofulumira, n'kuziziritsa ndi nsanza yonyowa, ndipo chitsulo chinafupika n'kukungika. Ankayesa ndi rula yachitsulo, kuigoneka pa chitseko n'kusuzumira mpata wotsala pansi pake. Anasiya nyundo mpatawo utachepa moti ndi khadi la ku banki lokha limene likanalowamo.

Pa nkhani ya kuchindikala mpamene pagona zonse. Opanga fila ambiri amalangiza kuti asapitirire mamilimita 6, ndipo amisiri osamala amayesetsa kuti akhale pansi pa mamilimita 3. Tengani rula ya mwana wa sukulu muone kuchepa kwake. Chitsulo cha galimoto chimafutukuka chikatenthedwa ndi dzuwa n'kubwerera usiku, ndipo fila safutukuka mofanana nacho. Akakhala wopyapyala amatsatira chitsulo. Akachindikala amakhala ngati njerwa yomatidwa pa lata, lata likuyenda njerwa itaima. Onjezanipo misewu yathu yafumbi yolowera m'maesiteti, mabampu ake, zitseko zomenyetsedwa ndi anthu okwera matola, ndiye mudziwa chifukwa chake ntchito imene ikanapirira zaka mu Lilongwe kuno imang'aluka chilimwe chimodzi.

Lachitatu anapala penti yense pamalopo mpaka chitsulo kuyera, n'kupitirizako pang'ono m'mbali, pogwiritsa ntchito sandipepa wokhakhala wa nambala 80. Mikwingwirima imene sandipepayu amasiya ndiyo fila amagwiramo. Pa penti wonyezimira sagwira, pa mafuta sagwira, ndipo pa dzimbiri amagwira mwachinyengo. Talc uja amayamwa chinyontho ngati choko. Pakatsala dzimbiri pansi pake, kapena kabowo kolowetsa madzi kuchokera kuseri, fila amasunga chinyonthocho pa chitsulo penipeni, dzimbiri n'kumadya mwakachetechete mpaka penti atatupa matuza. N'chifukwa chake njira ija yoboola timabowo kuti ukokere chitsulo kunja ndi yoopsa ngati timabowoto sitiwotchereredwa pambuyo pake. N'chifukwa chakenso fila sapalidwa ndi madzi, ngakhale anyamata ambiri amakonda kutero pofuna kuti sandipepa asathe msanga.

Kusakaniza kunali ngati pulakitiko ya mu labu. Muyezo wake ndi pafupifupi magalamu 2 a hadena pa magalamu 100 a fila, ndipo chitini chilichonse chimanena muyezo wake weniweni. Pa galaja palibe sikelo, ndiye amayeza ndi maso: fila wochuluka ngati dzira la nkhuku, hadena ngati njere ziwiri za mtedza. Hadena akachepa, fila amakhala nyamunyamu mkati ndipo amamata sandipepa. Akachuluka, amalimba usanathe kumata, amachita timabowo, ndipo wotsalayo amatha kudzatulukira pamwamba ngati banga pa penti, makamaka pa magalimoto oyera ndi a siliva amene adzaza m'dziko muno. Mtundu wofiira wa hadena uli ndi ntchito yake: ukaona mizeremizere m'phala, ndiye kuti sunasakanize mokwanira.

Mnyamata mmodzi anabwera ndi chidutswa cha katoni kuti asakanizirepo, amisiri n'kumubweza. Katoni imamwa utomoni wa m'fila. Anasakanizira pa galasi lakale la galimoto, ndipo sankatakasa ngati phala la m'mawa, koma ankapinda ndi kupsinja ndi kapulasitiki komatira, kupinda ndi kupsinja, kuti mpweya usalowemo. Mpweya ukalowa umasiya timabowo tomwe timadzaoneka penti atapakidwa kale.

Kuchokera pamene hadena wakhudza fila, uli ndi mphindi pafupifupi 4 kapena 5. M'kutentha kwa Okutobala kuno nthawiyo imafupika kwambiri, pomwe m'mawa wa mu Juni imatalika. Mayesero a anyamata ndi oti kukatentha achepetse hadena mopitirira, kukazizira amuthire wambiri. Amisiriwa anati muyezo susunthidwa kutali ndi zomwe chitini chanena, chosintha ndi kuchuluka kwa phala lomwe wasakaniza nthawi imodzi, ndiponso malo: mu Okutobala amamatira pansi pa mango m'mamawa, chitsulo chisanatenthe. Ulendo woyamba anamata mopyapyala kwambiri, mokanikiza, kuti phala lilowe m'mikwingwirima. Wachiwiri ndi umene unadzaza. Patapita mphindi pafupifupi 20 kapena 30 anayamba kupala, sandipepa atamukulunga pa thabwa lowongoka, chifukwa zala zimatsatira maenje m'malo mowasalaza. Anayamba ndi 80, kenako 180. Atatero anauzira penti wakuda pang'ono chabe, ngati nkhungu, n'kupalanso. Pomwe wakudayo watsala ndiye kuti pali dzenje, pomwe chitsulo chatulukira ndiye kuti pali chulu. Njira imeneyi inandisangalatsa kuposa zonse, chifukwa imaonetsa zomwe diso silingaone. Tsiku lomwelo anapopera pulaima kuti fila asagone usiku ali pamtunda akumwa mame. Fila yense amene analowa pa chitseko changa sanakwane kapu ya tiyi.

Za kusankha fila pogula ndinaphunzira pomwepo, poti ndinatumidwa ine kukagula. Mitundu yake si umodzi. Pali wamba, wolemera, amene amapezeka paliponse. Pali wopepuka, amene m'malo mwa ufa wina anaikamo timipira tagalasi tating'onoting'ono topanda kanthu mkati, ndipo amapalika mosavuta. Pali wa ulusi wa fibreglass, wolimba komanso wosalowa madzi msanga, wothandiza pa timabowo ting'onoting'ono ndi pamwamba pa malo owotcherera. Amene munaonapo zitini za Isopon, P38 ndi wosalazira pomwe P40 ndi wa ulusi uja. Pali wina wosalala kwambiri wongotsekera timabowo pomaliza. Bampala ya pulasitiki imafuna fila wake wotha kupindika, ndipo chitsulo chokutidwa ndi zinki kapena cha aluminiyamu chimafuna fila amene chitini chake chanena kuti amagwira pamenepo. Chenjerani ndi kaphala kofiira ka m'chubu kopanda hadena. Kameneko kamauma chifukwa cha kuuluka kwa madzi ake, ndiye kamafota, ndipo ntchito yake ndi tizikanda tochepa chabe.

Chimene ndinalangizidwa kwambiri n'choti ndigule chitini chotseka, chokhala ndi kachubu kake, osati wopimitsa. Kuyambira pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zochokera kunja monga fila, hadena ndi penti zinakwera mtengo kwambiri, ndipo ndaonapo fila akugulitsidwa m'timabotolo topanda chizindikiro, osadziwika kuti ndi wa mtundu wanji kapena wakhala nthawi yaitali bwanji. Fila amakalamba. Chitini chikakhala chosatsekedwa bwino, styrene amauluka, phala n'kuyamba kulimba. Ena amamuthira thina kuti afewe, koma thina salowa nawo m'maunyolo aja. Amakhala wotsekeredwa mkati, n'kudzatuluka pambuyo pake, kusiya fila wofota ndi penti wotupa. Hadena nayenso amafooka akakhala padzuwa.

Mnzanga wina wophunzitsa naye anagula galimoto mu Juni, msika wa fodya uli pachimake, kwa munthu wongodutsa. Inali yoyera, yokongola, ndipo tonse tinatuluka mu sitafu rumu kukaiyamikira. Mvula yoyamba itagwa, pamwamba pa tayala lakumbuyo panatuluka matuza. Pofika Janyuwale panali mng'alu, ndipo tsiku lina pobwerera kumudzi kwawo chibanthu chachikulu ngati chikhatho chinagwa, chochindikala kuposa chala chachikulu. Kuseri kwake kunalibe chitsulo. Kunali bowo la dzimbiri lotsekedwa ndi waya wa sefa, phala n'kumatidwa pamwamba pake. Titaitengera kwa amisiri anga aja, anapezanso fila pa mzati wa pakati pa zitseko, pomwe lamba wa woyendetsa amamangiriridwa. Apa nkhani inasiya kukhala ya maonekedwe. Chitseko chomatidwa chimangonyansa, koma mzati, chasesi ndi pansi pa galimoto ndi mafupa. Pa ngozi zimenezi ndizo zimalandira mphamvu kuti isafike kwa munthu, ndipo fila alibe mphamvu yotero ngakhale pang'ono, amangosweka ngati mbale yadothi. Malo otere amafuna kudula chitsulo chowola ndi kuwotcherera china. Mnzangayo amanyamula ana ake atatu m'galimoto imeneyo, ndipo ngongole yake inali isanafike ndi theka lomwe. Anaiimika miyezi iwiri akusonkhanitsa ndalama yowotcherera, n'kumabwera ku ntchito pa kabaza.

Komabe sindikufuna kuti mlandu wonse ugwere amisiri. Ndakhalapo pa benchi ya pa galaja ndikumva mmene eni magalimoto timanenerera mitengo. Mmisiri akatchula mtengo wa Lachisanu timati wadula, timamuopseza kuti tipita kwina, ndipo timafuna galimoto mawa chifukwa kuli ukwati Loweruka. Nyundo imadya masiku, fila amadya mphindi. Munthu amene tamudula ndalama ndi masiku omwe, tamusankhira tokha njira yoti atsate. Ogula magalimoto angozi kuti adzawagulitse ndiwo amanena poyera kuti akungofuna iwale mpaka ipeze mwini. Amisiri anga anandiuza kuti ntchito zotere amazikana nthawi zambiri, koma osati nthawi zonse, chifukwa Janyuwale ndi Janyuwale kwa aliyense. Ndinamulemekeza ponena zoona.

Pali chinanso chimene chinandikhudza monga mphunzitsi. Anyamata opala fila amakhala oyera mbuu kuyambira tsitsi mpaka nsidze, ngati a pa chigayo, ndipo ambiri amangomanga kansalu pamphuno kapena osamanga kalikonse. Fumbi limenelo ndi la pulasitiki ndi mwala, ndipo malo ake si m'mapapo. Styrene amapweteketsa mutu komanso amayaka moto, hadena amawotcha maso ndi khungu, ndipo penti wa mitundu iwiri uja amati 2K ali ndi mankhwala otchedwa isocyanate amene amatha kuyambitsa mphumu. Chotchinga pamphuno chenicheni n'chotsika mtengo kuposa chitini chimodzi cha penti. Ena mwa anyamatawa ndi ana athu amene anachoka m'makalasi mwathu mu Fomu 2. Bungwe la TEVETA lakhalapo kuyambira 1999 ndipo maphunziro a ntchito zamanja alipo, koma ife aphunzitsi a sekondale timawatchula mochedwa, zotsatira za mayeso zitatuluka kale, ngati chipukuta misozi. Ndinaona munthu akuyeza 2 peresenti ndi maso, akudziwa za kufutukuka kwa zitsulo ndi chikhatho, akusintha kagwiridwe ka ntchito potsata kutentha kwa tsikulo. Zonsezi zili mu silabasi yathu, ndipo iye amazikhoza tsiku lililonse popanda wochonga.

Kwa inu amene mukupititsa galimoto kukakonzedwa, pemphani chinthu chimodzi chokha: kuti akuitaneni nyundo ikatha, fila asanamatidwe. Mukaone chitsulo chili poyera, mugonekepo rula, muonenso ngati dzimbiri lachotsedwa. Mmisiri wabwino sakana zimenezi, amanyadira. Pulaima akangopoperedwa simudzaonanso kanthu.

Kwa inu amene mukugula, musapite madzulo kapena mvula ikugwa, chifukwa galimoto yonyowa iliyonse imaoneka yatsopano. Pitani m'mawa, galimoto ili youma, muime pa ngodya yake n'kuyang'ana motsatira mbali yonse kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Chithunzi cha mtengo kapena nyumba chikamagwedezeka pa penti ngati m'madzi, pamenepo panagwiridwa. Yang'anani penti wodonthera pa mphira za mawindo, mipata ya zitseko yosafanana mbali ziwirizo, ndi kuseri kwa kapeti ya m'buti. Gogodani ndi chala: chitsulo chimalira, fila wochindikala amangoti phu. Ngati ndi galimoto yongofika kumene kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, funsani ngati pali pepala la ku okushoni ya kumeneko. Pa pepalalo chilembo A chimasonyeza chikanda, U chibwefu, W malo okonzedwa amene sanasalale bwino, ndipo galimoto yopatsidwa giredi R ndi yoti inakonzedwapo pa mafupa ake. Suzumiraninso pansi, popeza zochokera kumadera a chipale monga Hokkaido zimayenda m'misewu yothiridwa mchere ndipo zimayamba kuwola kunsi.

Chida chachikulu ndi maginito. Akulungeni m'kansalu kuti asakande penti wa mwini wake, ndipo muwayendetse pa zitseko, m'mphepete mwa matayala, pansi pa zitseko ndi pa mizati. Pa chitsulo amagwira. Pa fila wopyapyala amagwira mofooka pang'ono, ndipo zimenezo si zoopsa, chifukwa galimoto ya zaka 15 yopanda pokonzedwa paliponse njosowa. Pomwe agwa okha, funsani mafunso, ndipo ngati pali pa mzati, tsanzikani. Pa bampala sagwira chifukwa ndi pulasitiki, ndipo magalimoto ena boneti yake ndi ya aluminiyamu, choncho musakangane ndi wogulitsa pa zimenezo. Maginito amphamvu kwambiri si abwino pa ntchitoyi, chifukwa amakoka chitsulo ngakhale kudutsa phala lochindikala. Ofooka aja omata pa chitseko cha filiji ndiwo abwino, kapena a m'kasipika kakang'ono ka wailesi yakufa. A mu labu ya sukulu musabwere kudzabwereka, atsala awiri okha ndipo Fomu 1 ikuwafuna teremu ikubwerayi.